Kadontho ka Magazi ka pa Chitendene

Ana anga, Tadala ndi Yamikani, mwakhala mukundikakamiza kuti ndilembe za ntchito yanga mutu usanayambe kutaya zinthu. Za ubwana wanga sindilemba, agogo anu anakuuzani kale, zoona ndi zowonjezera zomwe. Ndiyambira pomwe ndinavala yunifolomu yoyera, ndipo ndikhalitsa pa nkhani imodzi imene simunaimvepo bwinobwino, chifukwa pamene inkachitika sindinafune kuti mude nkhawa muli kutali.

Mbali ya ku Chiringa, chaka chotsatira napolo

Ntchito ndinayambira pa kachipatala ka kumudzi mbali ya ku Chiringa, patangotha chaka napolo atagumula phiri la Michesi. Zipsera zake zinkaonekabe m'phirimo, ndipo mitambo ikangoda anthu ankasiya makasu n'kumayang'ana kumtunda. Ndinafika pa lole ya chimanga nditanyamula sutikesi ndi mbaula. Amene anandilandira anali a Sisitala Kachingwe, mayi wamfupi wa mawu aakulu. Za ulendo sanandifunse. Anandigwira manja, n'kuwatembenuza, n'kundiuza kuti zikhadabozo zikhale zitachoka dzuwa lisanalowe.

Anamwino tinalipo awiri okha pa midzi yosawerengeka, odwala ena ochokera tsidya la malire ku Mozambiki. Magolovesi tinkachita kuchapa n'kuyanika pachingwe ngati zovala. Masingano tinkawiritsa mu poto. Wotchi yowerengera kugunda kwa mtima inali imodzi, ya a Sisitala, imene ankaipachika pachifuwa, ndipo akamandibwereka ankaperekeza ndi maso ngati ndanyamula mwana wawo. Iwowa ndi amene anandiphunzitsa kuika zala pa kamkono ka khanda n'kudekha. Ankati mwana sanena pomwe pakumuwawa, ndiye namwino wopupuluma amangomva kulira kokha. Ankandikalipira pamaso pa odwala, ndipo kangapo ndinakalirira kuseri kwa thanki ya madzi, koma zimene anandiika m'manja ndi zomwe zinakulerani inuyo.

Chimene chinkandisowetsa mtendere kuyambira nthawi imeneyo si ana obwera atadwalika. Amenewo tinkadziwa chomwe tikulimbana nacho. Ankandiopsa ndi ana obwera ndi kamatenda kochepa, kusanza pang'ono, kukana bere, thupi kufunda, tiwapatsa mankhwala, mawa lake timva kuti mwana uja wagona osadzukanso. Tinkati ndi malungo, poti panalibe dzina lina loti titchule. Ndipo ndinayamba kuona kuti pali mabanja ena amene zimenezi zinkawabwereza, mwana uyu, wopondana naye, winanso. Kumudzi ankati ndi ufiti, kapena tsempho, kuti mmodzi mwa makolo akuyenda molakwika. Ine yankho ndinalibe.

Mkhumba ndi chipatala chachikulupo, zaka za pakati

Atandisamutsira ku Mkhumba ndi kumene ndinakumana ndi bambo anu, ndipo iwe Tadala unabadwira komweko, m'chipinda chimene ndinkachiritsiramo amayi anzanga. Mkulu wa pachipatalapo, a Chimwaza, anali munthu wofatsa koma woopa kupempha. Mankhwala akatha ankangoti tidikire, abwera. Zaka zimenezo ndi zomwe matenda aja anatisesa, mankhwala otalikitsa moyo asanafike, ndipo panali miyezi imene sabata sinkatha ndisanapite kumaliro, ena a anzanga a yunifolomu. Kenako ananditengera ku chipatala chachikulupo, ku wodi ya ana, kumene ndinakhala mpaka kupuma. Nyengo ya mvula ana ankagona awiri kapena atatu pa bedi limodzi, amayi awo pansi. Magetsi akathima, makina a mpweya ankathima nawo, ife n'kumangoyang'anizana. Munkadabwa kuti n'chifukwa chiyani ndikafika kunyumba ndinkakugwirani pachipumi ngakhale muli bwinobwino mukusewera. Chifukwa chake n'chimenecho.

Zaka zomalizira, kafukufuku wa ana

Nditatsala zaka zochepa kuti ndipume, kunabwera madokotala ochita kafukufuku wa matenda a ana. Ankafuna namwino wodziwa Chilomwe komanso wodziwika kwa amayi, ndiye anasankha ine. Mtsogoleri wawo anali a Dokotala Mwafulirwa, mayi wochokera kumpoto, wamng'ono kwa ine, wolankhula motsitsa mawu, amene sankachita manyazi kunena kuti sakudziwa ngati sakudziwa. Ntchito yathu inali ya mbali ziwiri. Yoyamba, khanda likabadwa, mayi ake akalola, tinkalibaya pachitendene ndi kansingano n'kudonthetsera magazi pa kapepala kokhuthala. Kakauma kankatumizidwa ku labotale yakutali kukafufuza matenda akumtundu, amene mwana amabadwa nawo akuoneka wathanzi pomwe thupi lake likulephera kugwiritsa ntchito chakudya moyenera. Yachiwiri, tinkamata pachifuwa cha mwanayo kachipangizo kochepa ngati bokosi la machesi, kamene kankajambula kugunda kwa mtima tsiku lonse.

Chimene anandiphunzitsa a Dokotala chinandizunguza mutu poyamba. Ine ndinkadziwa kuti mtima wabwino ndi wogunda mofanana. Iwo anandionetsa pa kompyuta kuti sizili choncho. Mtima wa mwana wathanzi umafulumira pang'ono akamakoka mpweya, n'kubweza akamautulutsa, moti mpata wa kugunda uku ndi uko sufanana ndendende. Ukayamba kugunda mosasintha ngati wotchi, anatero, nthawi zambiri ndiye kuti thupi lapanikizika, ngakhale mwanayo akumwetulira. Ankafuna kudziwa ngati chizindikiro chimenechi chingatithandize kuzindikira ana ofunika kuwayang'anitsitsa kuno kopanda labotale. Ndikuyang'ana mizere ija pa kompyuta, ndinakumbuka ana a ku Chiringa aja, ndipo mtima wanga unawawa.

M'gulu la amayi amene analola munali Esnati, wa m'mudzi wina m'munsi mwa Michesi. Anali ataika m'manda ana atatu, onse asanayambe kuyenda, onse mwa njira imodzi: kudwala pang'ono, kukana kuyamwa, kugona. Wachinayi anali mtsikana, ndipo anamutcha Nditani. Mwamuna wa Esnati, Layisoni, anali mkamwini pamudzipo, ndipo abale a mkazi wake anali atagamula kale kuti ndi iyeyo amasempha ana. Pamene ndinkamufotokozera za kafukufuku, Esnati sanadikire kuti ndimalize.

"Bayani, anesi," anatero. "Ndatopa n'kufunsidwa ndi anthu chinthu chimene ine sindikuchidziwa."

Kachipangizo ka pachifuwa kanaonetsa kuti Nditani akatalikitsa osayamwa, mtima wake unkaleka kusinthasintha kuja. A Dokotala anati chimenecho pachokha sichikwanira kunena kanthu, tidikire za magazi. Esnati anabwerera kumudzi. Zotsatira zinkatenga milungu yambiri kuti zibwere.

Chilimwe cha mphekesera

Tili mkati modikira, kunabuka mphekesera za anamapopa, anthu amene ankati amapopa anzawo magazi usiku. Mukukumbuka kuti munkandiimbira foni ine n'kumati kuno kuli bata. Kunalibe bata. Anthu ankagona panja m'magulu, amuna anatseka misewu ndi mitengo ndi miyala, ndipo mlendo aliyense wonyamula chikwama ankafunsidwa atazingidwa ndi zibonga ndi zikwanje. M'madera ena anthu anaphedwa. Tsono taganizani ineyo, amene amayi a dera lonse ankandidziwa kuti ndine nesi wotenga magazi a makanda n'kuwatumiza kutali. Kumsika mayi wina amene ndinamuchiritsa ndi manja angawa anaphimba tomato wake ndi chitenje nditayandikira. Akuluakulu a kafukufuku analamula kuti galimoto zonse ziimikidwe, ndipo wantchito aliyense asapondenso kumudzi mpaka zinthu zitazizira.

Masiku omwewo a Dokotala anandiimbira foni ali ku Blantyre, kumene anawabwezera. Zotsatira za Nditani zinali zitafika. Matenda ake ali ndi dzina lalitali lachizungu, koma tanthauzo lake ndi ili: thupi la mwanayo silitha kusandutsa mafuta ake kukhala mphamvu. Mwana wina akadwala n'kukana kudya, thupi limadya mafuta ake n'kupirira. Uyu ayi. Shuga amangotsika m'magazi, mwana n'kuwodzera, n'kukomoka, n'kupita. Koma ngati sakhalitsa osadya, akhoza kukula ngati mwana wina aliyense.

Nambala imene Esnati anatisiyira inali ya mchimwene wake, ndipo sinkapezeka. Mlangizi wa zaumoyo wa kuderalo anali atathawako, nayenso atamuloza chala. Mvula inali pafupi, ndipo kwathu kuno mvula ikagwa malungo ndi kutsegula m'mimba sizichedwa.

"Anesi, sindingakutumeni," anatero a Dokotala. "Lamulo laperekedwa. Mukavulala ndidzawauza chiyani ana anu?"

Ndinawafunsa kuti nanga mwanayo akadwala sabata ino chichitike n'chiyani. Anati, "Mukudziwa kale."

Kwa masiku angapo ndinkangoilingalira nkhaniyi. Bambo anu anati ndikapita ndidziwe kuti ndikuika pachiswe ana awiri ndi mwamuna chifukwa cha mwana wa eni. Sankalakwitsa. Ndikaganiza za zikwanje ndinkaopa, ndikaganiza zokhala ndinkaona manda achinayi akukumbidwa ine yankho lili m'mutu mwanga. Kutumiza uthenga kudzera mwa munthu wina sikukanatheka, chifukwa ndani akanalola kunyamula mawu a magazi masiku amenewo? Lamlungu titatuluka m'tchalitchi ndinawauza bambo anu kuti mawa ndipita. M'mawa ndinapeza atakonza mabuleki a njinga yanga, ataitsamiritsa pakhonde.

Yunifolomu ndinaisiya, ndinavala chitenje ndi duku. M'kathumba ndinaikamo shuga, kapu ndi supuni basi. Ndinapalasa kudutsa minda ya nandolo ndi chinangwa, ndipo paliponse pomwe ndinkadutsa amayi ankaitana ana awo kuti alowe m'nyumba.

Ndinawapeza pa mlatho wa mitengo, pomwe njira imayamba kukwera. Anali amuna ambiri ndithu, maso ali psuu ndi tulo. Ndinatsikira patali, n'kupereka moni m'Chilomwe kuti amve kuti ndine mwana wa konkuno. Ena anayankha, ena ayi. Anakhuthulira kathumba kanga pansi, ndipo mmodzi ananyambita shugayo. Kenako wina kumbuyo anati, "Amenewa ndi aja obaya ana pachitendene." Phokoso lonse linatha. Anayamba kuyandikira. Wina anafunsa kuti magazi aja ndinakagulitsa kuti. Ndinayankha kuti sanagulitsidwe, anapita kukayezedwa, ndipo lero ndabweretsa yankho kwa mwini wake. Anafunsa kuti mwini wakeyo ndani. Za wodwala sizinenedwa pamsewu, choncho matenda sindinatchule, ndinangonena khomo limene ndinkapita.

M'gululo munatuluka munthu wowonda atagwira chibonga. Anali Layisoni. Ndinali nditamuonapo kamodzi kokha, ataima patali pakhonde la wodi. Sindinadziwe ngati akubwera kudzanditeteza kapena kudzayamba iyeyo. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwachipeza chimene chikupha ana anga?"

"Tachipeza."

Anawerama, n'kutola kapu ndi supuni, n'kuzibwezera m'kathumba, n'kugwira njinga yanga. Anawauza anzakewo kuti ngati mayiyu ali namapopa akayambire pakhomo pake, poti iye chimene ankachiopa chinamuchitikira kale katatu. Amuna aja anatipatsa njira, koma ena anatitsatira pambuyo mpaka kumudzi.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Panali Esnati ali ndi mwana pamiyendo, amayi ake, ndi malume ake a Nampinga, amene anali mwini mbumba. Layisoni anakhala potero payekha, monga amakhalira mkamwini. Otitsatira aja anaima m'mphepete mwa bwalo. Nditani anali wonenepa bwino, akukoka mkanda wa amayi ake, ndipo ndinaona kuti zikhala zovuta kuti anthu akhulupirire zoti mwana wotere ali ndi vuto. Ndinapempha kuti a pabanja okha ayandikire, n'kufotokoza pang'onopang'ono. Mwanayu asamakhalitse osayamwa, ngakhale ali m'tulo muzimudzutsa. Akadzayamba phala, azidya asanagone komanso m'mawa kwambiri. Akadwala n'kukana bere, musadikire kuti tione kaye. Mumwetseni madzi owiritsa a shuga ndi supuni, pang'onopang'ono, muli pa ulendo wa kuchipatala. Ndinasungunula shuga m'kapu kuwaonetsa, ndipo ndinayamba ndamwa ndekha anthu onse aja akuona.

A Nampinga anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa njira yonse: matendawa ngati ali akumtundu, mtundu wake wa ndani? Ndinadziwa kuti yankho langa likhoza kuthetsa banja tsiku lomwelo. Ndinawauza zoona. Mbewu yake imayenera kuchokera mbali zonse ziwiri, kwa bambo ndi kwa mayi, ndipo onse awiri amainyamula osadziwa, osadwala. Ikachokera mbali imodzi yokha mwana sadwala. Palibe amene anayenda molakwika, palibe amene analodza.

"Ndiye kuti ndi kwathu kuno ilikonso?" anafunsa a Nampinga.

"Ilikonso, bambo."

Sanakondwe nazo. Anatembenukira kuphiri. Layisoni anali atazolika, mapewa akugwedezeka. Aliyense anayang'ana kumbali kupatula Esnati, amene anadzuka n'kukamuika mwana pamiyendo. Pobwerera Layisoni anandiperekeza yekha mpaka kuwoloka mlatho uja. Nditafika pamsewu waukulu ndinayamba ndakhala pansi m'mbali mwa msewu ndisanapitirize ulendo.

Mvula itagwa

Ndinawauza a Dokotala zimene ndinachita, ndipo iwo anayenera kuwauza akuluakulu awo. Anandichotsa pa kafukufuku chifukwa chophwanya lamulo, ndinabwerera ku wodi. Zinandiwawa, koma sindinawasungire mangawa. Lamulolo linali loteteza miyoyo ya anzanga, ndipo ndikanafera pa mlatho paja ntchito yonse ikanafera pomwepo. A Dokotala anaonetsetsa kuti onse ogwira ntchito ku wodi adziwe za Nditani: akabwera akudwala, diripi ya shuga kaye, mafunso pambuyo. Kuyambira pamenepo ndinkati ndikalowa m'wodi, maso ankayamba athamangira pa shelefu kuona ngati mabotolo a shuga alipo. Masiku ena ankatsala limodzi.

Anabwera mu Januwale, masana, mvula ikukhuthuka. Layisoni ndi amene ankapalasa njinga, Esnati ali kumbuyo ndi mwana, akumudonthezera madzi a shuga pakamwa njira yonse. Anali malungo. Mwana anali lefuu, maso akutembenuzika, bere atalikana kuyambira m'mawa. Mitsempha yake inali itabisala. Padzanja mtsempha sindinaupeze. Ndinaupeza paphazi. Tinaima tonse kuyang'ana madontho akutsika m'chubu, zala zanga zili pa kamkono kake. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Kenako anakwinya nkhope, n'kulira kulira kwaukali kofuna bere, ndipo Esnati anangokhala pansi pasimenti pomwepo.

Anabweranso choncho maulendo ena angapo zaka zotsatira, ndipo ulendo uliwonse anabwerera kwawo wamoyo. Lero Nditani ali pasukulu. Amapita ndi mbatata kapena chinangwa chophika m'chikwama, ndipo aphunzitsi ake amadziwa kuti akati ndikufuna kudya, sakuchita matama. A Nampinga sanapepese kwa Layisoni, koma ndinamva kuti anamugawira dimba la m'mbali mwa mtsinje.

Panopa, nditapuma

Kafukufuku uja anatha nthawi yake itakwana. Tizipangizo ta pachifuwa anatitenga, timapepala ta magazi kulibenso. A Dokotala amandiimbirabe nthawi zina, ndipo amati zimene anapeza n'zolimbikitsa koma pakufunika ntchito ina yambiri kuti ziyambe kugwiritsidwa ntchito m'zipatala zathu. Ndimawamvetsa. Komabe ndikamva kuti m'mudzi wakutiwakuti khanda lagona osadzuka, sindiona tulo.

Mwezi wathawu Esnati anabwera kuno kwathu, atanyamula nyemba za kalongonda m'kabeseni. Nditangomuona kayendedwe ndinadziwa kuti ndi woyembekezera. Ndinamukhazika pakhonde n'kumuuza mosabisa kuti mwana akubwerayu akhoza kukhala nawo matenda aja, akhozanso osakhala nawo, ndipo panopa palibe koyezetsa. 

"Tinakambirana kale ndi bambo ake," anatero. "Tizimudzutsa ngati kuti ali nawo. Chimene ndabwerera n'choti masiku oyambirira, mkaka usanabwere bwino, mudzakhalepo."

Masiku amenewo ndiwo oopsa kwambiri, ndipo iye amadziwa. Bambo anu anali m'nyumba akumva zonse. Nditalowa anangondifunsa kuti mwezi wake ndi uti, ndinawauza kuti ndi Disembala. Ndiye ana anga, mukabwera pa Khirisimasi n'kupeza kulibe, musandifunefune. Makiyi a kukhitchini adzakhala ndi bambo anu, ine ndidzakhala ndili ku Michesi.